Sinowo pang'ono chabe sukulu atseka kale, kodi izi ndi zoona abale?

mayi_a_Tada
Abale ndithandizeni kumvetsa. Tinasamukira kuno kumpoto kwa Scotland chaka chatha, kamudzi kena cha kumtunda kwa Deeside, ine ndimagwira ntchito ya keya, yosamalira okalamba ndi odwala. Lero 7 koloko m'mawa foni kulira, uthenga woti sukulu ya mwana wanga yatsekedwa chifukwa cha sinowo. Kutuluka panja sinowo wake sakufika ndi mu akakolo momwe, magalimoto akudutsa bwinobwino pamsewu wapakhomo pano. Shifiti yanga imayamba 8, bambo ake ananyamuka kale 6, mwana wa zaka 7 ndimusiya ndi ndani? Ndaimba kuntchito kupepesa, tsiku lonse lapita lopanda malipiro. Ndiye akutinso mawa ayamba 10 koloko. Kodi aphunzitsi akunowa ndi ulesi kapena pali china chomwe sindikuchiona? Kwathu ku Mulanje timapita kusukulu mvula ikukhuthuka, kuwoloka mtsinje makope tasenza pamutu.

AnkoloWaKuGlasgow
kkkk takulandirani kumpoto achemwali. Izi n'zoyamba chabe, dikirani February.

Kalaliki_wa_kuphiri
Pepani achemwali ndi za shifitizo, zimapweteka ndithu. Ine ndimagwira mu ofesi ya sukulu ina ya kumudzi konkuno kumpoto, ndiye ndikuuzeni momwe m'mawa ngati wa lerowu umayendera. Ahedi athu amayang'anira sukulu ziwiri, poti sukulu zing'onozing'ono kuno nthawi zambiri amazipatsa hedi mmodzi, ndipo iwo amadzuka kusanache n'kuyamba kuimba mafoni. Woyamba kumuimbira si mphunzitsi ayi, ndi eni basi. Dalaivala akangoti msewu wa kumafamu uja sindikwera, theka la ana lachoka kale pamenepo. Kenako aphunzitsi. Ife tili ndi awiri okha, wina amachokera kutawuni kutali ndithu, akakanika kufika ameneyo palibe woti alowe m'kalasi mwake, sukulu za m'tawuni zimatha kuphatikiza makalasi nanga ife tiphatikiza ndi chani. Kenako ajanitala akaone ngati boyila yayaka komanso ngati madzi sanaundane m'mapaipi, chifukwa zimbudzi zikapanda madzi simungasunge ana. Chakudyanso, ife khitchini tilibe, chimaphikidwa kusukulu ina n'kubwera pa vani.

Chimodzi mwa zimenezi chikavuta basi, sititsegula. Sinowo wa pakhomo panu sawerengedwa n'komwe, chomwe ahedi amayang'ana ndi msewu woipitsitsa womwe mwana kapena mphunzitsi akuyenera kudutsa. Msewu waukulu amathira mchere usiku n'chifukwa chake mukuona magalimoto akuyenda, koma timisewu ta kumafamu gritter, galimoto yothira mchere ija, imafikako mochedwa, mwina masana, mwina mawa lake. Kamtunda pang'ono kokha kuchoka pomwe muli mupeza mphepo yaunjika sinowo mumsewu kufika m'chiuno pomwe kwanuko kuli mbee.

Mjomba_Leeds
Zonsezo ndamva koma tinene chilungamo, anthu akuno amaopa milandu basi. Mwana akangoterereka kuthyoka dzanja, makolo kukhoti. Ndiye chosavuta ndi kutseka, malipiro awo salekeka, wovutika ndi mayi wa keya yemwe amalipidwa pa ola.

Kalaliki_wa_kuphiri
Amjomba, ine tsiku lotseka ntchito imachuluka kuposa tsiku wamba. Mafoni a makolo, kukonza kaundula, kuimitsa chakudya, ndipo aphunzitsi amayenera kutumiza ntchito kwa ana pa intaneti. Palibe amene amagona.

Mjomba_Leeds
Kutumiza pepala limodzi pa intaneti uli m'bulangete ndiye ntchito imeneyo eti

nesi_wausiku
Amjomba inu ku Leeds sinowo wake ndi wa m'mapositikhadi. Munaliko 2018? Kumapeto kwa February chaka chimenecho kunabwera ija ankati Beast from the East, a zanyengo a Met Office anatulutsa chenjezo lofiira pakati pa Scotland, anthu anagona m'magalimoto pa M80 usiku wonse, msewu waukulu umene, woti uli ndi magalimoto othira mchere ake ake. Ine ndinagona kuchipatala poti kunalibe njira yobwerera. Tsopano taganizani basi ya ana 16 itakakamira pa kamsewu ka kufamu komwe netiweki ya foni kulibe. Hedi amene angalole zimenezo ndiye ndingamutche waulesi, waulesi woganiza.

mayi_a_Tada
Chabwino za basizo ndamva. Nanga za 10 kolokozi ndi zotani? Ngati msewu uli woipa 8 ukhala bwino 10?

Kalaliki_wa_kuphiri
Nthawi zambiri eya. Kuno December ndi January dzuwa limatuluka cha m'ma kota tu 9, ndipo pofika hafu 3 masana layamba kale kulowa. Ana akutali amakwera basi kuli mdima wa bii, nthawi yomweyo ndi yomwe msewu umakhala utaundana kwambiri, ayezi woti sumuona uja, umangozindikira galimoto ikuvina. Maola awiri amenewo amapatsa mpata gritter idutse, kuwale, mphunzitsi wakutali uja afike osathamanga, m'makalasi mutenthe. Malangizo a boma a malo a ntchito amati m'chipinda mufike madigiri 16, ndiye nyumba yathu ndi yakale yamiyala, ikagona usiku wozizira imatenga nthawi kuti itenthe. Kuweruka msanga n'chimodzimodzi, timafuna basi ikatsitse mwana womaliza n'kubwerera kusanade.

mayi_a_Tada
Ndiye bwanji osatiuza usiku? Chikundiwawa ine si kutseka ayi, ndi 7 koloko. Akanandiuza dzulo madzulo ndikanasinthana shifiti ndi mnzanga.

Mjomba_Leeds
Apo ndiye mwalasa achemwali. Yankhani pamenepo akalaliki.

Kalaliki_wa_kuphiri
Apa sindikutsutsani kwenikweni, inenso ndimalakalaka zitamatero. Vuto ndi machenjezo a zanyengo aja. Pali lachikasu, la amber ndi lofiira. Likakhala lofiira kapena amber yolunjika dera lathu, uthenga umatuluka madzulo ndithu, nthawi zina khonsolo imangotseka sukulu zonse kamodzi osadikira ahedi. Koma masiku ambiri limakhala lachikasu, ndipo lachikasu limaphimba dera lalikulu, sinowo akhoza kugwa chigwa ichi osagwa chigwa chinacho. Chaka china ahedi anatseka usiku, kutacha kunja kuli ngwee, mafoni amene ndinalandira tsiku limenelo musafune kumva, makolo omwewo amene amati tiuzeni msanga. Komanso ana amayenera kuphunzira masiku 190 pachaka, hedi aliyense amafunsidwa akamatseka pafupipafupi. Ndiye amadikira aone ndi maso m'mawa. Chomwe ahedi athu anayamba kuchita n'kutumiza uthenga madzulo woti mawa pali chikayiko, konzekani, yankho lenileni lituluka isanakwane 7. Sizithetsa zonse koma munthu umagona utapangana kale ndi wina. Kapempheni zimenezo ku parent council yanu, komiti ya makolo ija, sukulu zazing'ono zimamva msanga chifukwa makolo ake ndi owerengeka.

Sir_Minnesota
Moni nonse kuchokera kuno ku America. Ndimaphunzitsa masamu kusukulu ya kumidzi ku Minnesota, ndiye nkhaniyi ndi yathu kuyambira November mpaka March, nthawi zina April yomwe. Kuno wotseka si hedi, ndi superintendent, mkulu wa sukulu za district yonse, ndipo ambiri amadzuka 4 koloko kukayenda okha m'misewu ya mabasi asanagamule. Tili ndi njira zitatu, kuchedwa kuyamba ndi maola awiri, kutseka, kapena e-learning day, tsiku loti ana aphunzire pa intaneti ali kunyumba. Lamulo la boma la Minnesota limalola masiku asanu a e-learning pachaka omwe amawerengedwa ngati ana aphunzira. Mukapitirira pamenepo maola akaperewera mumabweza, amadula tchuthi kapena kuwonjezera masiku mu June, ndiye ana amene amavina January amalira June anzawo ali kunyanja.

Chodabwitsa n'choti kuno sinowo yekha sitimuopa kwambiri, makina okankha alipo ambiri. Timaopa mphepo. Dera lathu ndi lathyathyathya minda yokhayokha, mphepo ikanyamula sinowo wogwa kale dalaivala saona ngakhale kutsogolo kwa basi yake, kumwamba kuli dzuwa. China ndi kuzizira kwenikweniko. Pa 6 January 2014 bwanamkubwa Mark Dayton anatseka sukulu zonse za boma m'chigawo chonse chifukwa cha kuzizira kokha. Kukazizira choncho khungu limapsa pa mphindi zochepa mwana ataima podikira basi, ndipo dizilo amalimba basi osalira.

AnkoloWaKuGlasgow
Asa, dizilo kulimba? Bwererani kumudzi aphunzitsi kkkk

nesi_wausiku
Ankolo kunonso si masewera, ku Braemar komwe ndi Deeside yomweyo ya achemwaliwa kunafika -23 mu February 2021. Ndipo rekodi ya UK yonse ndi -27.2, Braemar yomweyo 1982. Misewu ya kumeneko ili ndi mageti otsekera sinowo, A93 popita ku Glenshee ndi A939 ya ku Tomintoul, apolisi akatseka atseka.

Madam_Chikwawa
Ine ndili kumudzi konkuno, sinowo ndimangomuona pa TV, koma mawu a mayi a Tada oti timawoloka mtsinje makope pamutu andikhudza. Ndaphunzitsa ku Lower Shire nthawi yaitali. Kuwoloka kumene kuja si chinthu chonyadira amayi, ana ena anapita ndi madzi, ndipo makolo ozindikira salola mwana kunyamuka mtsinje ukadzaza. Kusiyana kwake n'koti ife sitilengeza kuti tatseka, timangopezeka m'kalasi la ana 120 mwabwera 30, mphunzitsi wa kutsidya sanabwere, tsikulo m'kaundula lalembedwa ngati taphunzira pomwe palibe chachitika. Nthawi ya Freddy mu March 2023 ndi pomwe boma linatseka sukulu m'maboma a kummwera kuno, ndipo ngakhale atati tsegulani m'makalasi ambiri munali mukugona anthu othawa madzi. Chaka chomwecho January anzathu a ku Blantyre ndi Lilongwe anachedwa kutsegula chifukwa cha kolera. Ana a Sitandade 8 anavutika, mayeso sadikira munthu. Ndiye mukalandira uthenga 7 koloko, ine ndikuti bola inu muli ndi wokuuzani.

mayi_a_Tada
Zoona madam, ndinayankhula ndi mkwiyo wa m'mawa. Koma malipiro anga apitabe.

Mfana_wa_Joni
Kuno ku Joni sinowo anagwa 10 July 2023, ana anatuluka m'makalasi kukajambulitsa, aphunzitsi omwe kkkk palibe anatseka. Koma September 2024 pa msewu waukulu wa N3 cha ku Van Reenen anthu anagona mumsewu, ma truck ndi mabasi, zinali zoopsa.

Mjomba_Leeds
Mfana iwe uli ndi nambala ya wa transport wodalirika? Ndili ndi katundu woti apite ku Mzuzu

Mfana_wa_Joni
Inbox madala

Gogo_Admin
Za katundu kumbali chonde. Tibwerere kusukulu.

nachisale_fife
Ine funso langa ndi la chakudya. Kuno ana onse a P1 mpaka P5, makalasi asanu oyambirira a pulayimale, amadya ulere kusukulu, ndipo pali mabanja ena, osati akuda okha ayi, azungu omwe, oti chakudya chotentha cha mwana ndi chomwecho. Sukulu ikatseka masiku atatu otsatizana amatani? Kwathu tonse tikudziwa kuti phala likasowa ana amachepa m'kalasi. Mwa njira, a Mary's Meals aja ophika phala m'sukulu za kwathu likulu lawo lili konkuno ku Dalmally, Argyll, mu kashedi ka malata, anayambira ku Malawi 2002. Ndinadutsako chilimwe chatha ndinadabwa kuchepa kwake.

Kalaliki_wa_kuphiri
Tsiku limodzi kapena awiri kunena zoona palibe chimachitika, chakudyacho chimangophonyeka. Ichi n'chifukwa china ahedi athu amalimbikira kutsegula ngakhale mochedwa, amati bola ana afike 10, adye, aweruke 2. Palinso masiku omwe timatsegulira ana oyenda pansi okha basi itakanika, mphunzitsi mmodzi amene amakhala pafupi amatenga onse P1 mpaka P7 chipinda chimodzi. Vani ya chakudya ikalephera timauza makolo apatse ana kamba.

Mjomba_Leeds
Ndiye ana a kumafamu amatsalira anzawo akuphunzira? Chilungamo chili pati

Kalaliki_wa_kuphiri
Tsiku lotero saphunzitsa zatsopano, amabwereza zakale ndi kuwerenga. Akunyumba amapatsidwa zomwezo pa intaneti, pa Glow kapena Teams.

Sir_Minnesota
Za pa intanetizi ine ndilibe nazo chikhulupiriro, ndinene poyera ngakhale ndimazichita. Pa e-learning day ana amene amalowa ndi omwe aja amakhoza kale. Wa kufamu intaneti yake ndi yofooka, ali ndi azing'ono ake atatu laputopu imodzi, bambo ake amutuma kukathandiza kudyetsa ng'ombe chifukwa kukazizira ntchito ya pakhola imachuluka. Tsiku lotsatira ndimaphunzitsanso zomwezo kuyambira pachiyambi. Papepala tsiku lawerengedwa, m'mutu mwa ana mulibe kanthu. Madam a ku Chikwawa akunena za kaundula wonama, wathu ndi yemweyo kungoti wathu ali pa kompyuta.

nachisale_fife
Apo nditsutsa pang'ono aphunzitsi. Wanga ali ku sekondale, January ndi nthawi ya ma prelim, mayeso oyeserera asanalembe a boma a National 5, chaka chatha atatseka mphunzitsi wa chemistry anachita kalasi pa Teams ndipo zinamuthandiza kwambiri. Kwa akuluakulu zimagwira. Kwa mwana wa P2 ndiye ayi, imakhala homuweki ya mayi.

Kalaliki_wa_kuphiri
Nonse mukunena zoona. Ife tinaphunzira pa mphepo yamkuntho ya Storm Arwen, November 2021, mitengo inagwera mawaya ndipo midzi ina kuno kumpoto chakummawa inakhala masiku angapo opanda magetsi, ena kupitirira sabata. Teams yake uyitsegula ndi chani? Uthenga woti tatseka womwe sunkafika, ma mast a foni anali atazima. Chiyambire pamenepo November aliyense ndimapanga fotokope timapaketi ta mapepala, masamu pang'ono, kabuku kowerenga, zolemba, mwana aliyense amapita nako kunyumba kukasunga. Tikatseka opanda magetsi amadziwa kuti atsegule paketi ija. Ena amaitaya sabata yomweyo, ena amamaliza yonse tsiku lomwe alandira, koma bola.

Mayi a Tada, zinthu ziwiri zoti mudziwe poti ndinu atsopano. Choyamba, basi ikapanda kubwera m'mawa inu n'kumupititsa nokha mwana pagalimoto, madzulo mukamutengenso nokha, basi imene sinayende m'mawa kawirikawiri siyenda madzulo. Makolo ambiri atsopano amagwa nazo zimenezi, 3 koloko mwana ali yekha ndi ine mu ofesi mayi ali pa shifiti. Chachiwiri, fomu ija munadzaza ya munthu wapafupi, ena amati storm address, musaitenge mwachibwana. Amafuna nyumba yoti mwana angafikeko wapansi kuchokera kusukulu, ngakhale kugona komweko, sinowo akatseka njira masana. Anthu athu amakonda kulembapo mlamu wa ku Manchester.

AnkoloWaKuGlasgow
kkkkk mlamu wa ku Manchester ndine ndemwe, ndinalembedwa ndi mabanja awiri a ku Inverness

mayi_a_Tada
Ine ndinalemba achemwali anga a ku Aberdeen. Kuno sindidziwa munthu, timangopatsana moni pageti basi.

nesi_wausiku
Ndiye ntchito yanu sabata ino ndi imeneyo. Anthu a m'midzi ya kuno amaoneka ouma koma pa nkhani ya sinowo amathandizana kwambiri, alimi amatuluka ndi mathirakitala kukankha msewu, ena khonsolo imachita kuwalipira. Funsani mayi mmodzi pageti kuti kodi pali gulu la WhatsApp la makolo, lilipo ndithu, ndipo kumeneko nkhani imafika uthenga wa sukulu usanatuluke chifukwa wina ndi mkazi wa dalaivala wa basi. Ine ndinapangana ndi neba wanga, sukulu ikatseka ine ndili kunyumba ndimatenga ake, ndikakhala kuntchito amatenga anga. Ana ake anazolowera nsima mpaka amaifunsa.

Za kuntchito, lamulo la kuno limakupatsani ufulu wochoka pa zadzidzidzi zokhudza mwana, amati time off for dependants, kutsekedwa kwa sukulu mwadzidzidzi kuli m'gulu lomwelo. Sangakuchotseni kapena kukulangani chifukwa cha zimenezo, koma sakakamizidwa kukulipirani pokhapokha kontrakiti yanu itanena. Pemphani kuti mubweze maolawo tsiku lina, mamanejala ambiri a keya amavomera poti anthu amasowa kumapeto kwa sabata.

Mjomba_Leeds
Ufulu wopanda ndalama. Ine ndikadali pomwe paja, wolipidwa pamwezi ndi amene akugamula, wolipidwa pa ola ndi amene akuluza. Bwanji osatsegula holo ya sukulu ana a anthu ogwira ntchito azikhalamo ngati nthawi ya Covid?

Kalaliki_wa_kuphiri
Nthawi ya Covid misewu inali yoyera amjomba, ogwira ntchito amafika. Apa vuto ndi loti munthu wamkulu woti akhale ndi anawo sangafike, ndipo sungangotenga aliyense wa m'mudzi, pamafunika PVG. Koma ganizo lanulo si loipa pa masiku omwe wapafupi alipo, ndi zomwe ndanena zija za kutsegulira oyenda pansi.

Madam_Chikwawa
PVG ndi chani?

nachisale_fife
Kufufuzidwa ndi boma ngati ulibe milandu musanakupatseni ana kapena okalamba, madam. A keya onse ali nayo.

mayi_a_Tada
Ndiye inetu ndili nayo. Kapena ndikadzipereke ku sukulu masiku omwe ndili ofu?

Kalaliki_wa_kuphiri
Yanuyo mwina ndi ya akuluakulu, ya ana amaonjezera padera, koma kafunseni ku ofesi adzakuthandizani fomu, sukulu zazing'ono zimasowa anthu odzipereka. Simungatsegule sukulu nokha popanda mphunzitsi komabe mudzadziwana ndi makolo onse mwezi umodzi. Ndipo za mawazo musadalire 10 koloko, muyang'anenso foni ndi tsamba la khonsolo 7 isanakwane, usiku uno akuti kuzizira kwambiri ndiye 10 ija ikhoza kusanduka kutseka.

Sir_Minnesota
Komanso matayala achemwali. Ngati mukuyendera a chilimwe kumapiri kumeneko, shifiti mudzaiphonya ngakhale sukulu itatsegula.

Mjomba_Leeds
Matayala a winter ndi kuba ndalama, ine zaka zonsezi sindinagulepo

nesi_wausiku
Ku Leeds amjomba. KU LEEDS.

Gogo_Admin
Za matayala tsegulani ulusi wina, apa zitisokoneza.